Tsiku limene bambo anatsikira mu mgolo

Vinyo tinali titamukhetsa dzulo lake, ndipo pansi pa chimgolo chathu chamatabwa panangotsala makoko a mphesa. Mgolowo ndi wautali ngati anthu awiri. Anaukhoma ndi agogo awo a bambo, pomwe ankadzala mipesa pa phiri lathu ku Itata.

M'mawa umenewo bambo anga, a Eleuterio, ankakangana ndi achimwene anga a Baldomero, omwe ankafuna matanki achitsulo.

"Vinyo wa m'chitiniyo ukamwe wekha!" anatero bambo, akukwera pa nsanja ndi fosholo.

"Bambo, kandulo kaye," ndinawakumbutsa. Kwathu sulowa mu mgolo usanatsitsemo kandulo. Ikazima ndiye kuti mpweya wa vinyo wowira udakalimo, ndipo umapha mwakachetechete.

"Iwe Fresia, mgolo uwu ndinayamba kuulowa ndisanawadziwe n'komwe amayi ako."

Anatsikira m'kati pa makwerero. Tinamva fosholo ikupala kawiri. Kenaka zii.

Tinathamangira pa nsanja n'kusuzumira. Anali atagwa chafufumimba, nkhope m'makoko. A Baldomero anaponya mwendo kuti adumphiremo, ine n'kuwagwira malaya.

"Ndisiye iwe!"

"Mukakomoka inunso, akukokeni nonse awiri ndani? Ine? Katengeni chingwe cha ng'ombe, achimwene!"

Achimwene anabwera nacho n'kuchiponya pa mtanda wa denga. Ndinakoka mpweya wambiri, kuusunga m'chifuwa, n'kutsika nayo nsonga ya chingwecho. Makoko anali ofunda, olekeza m'maondo. Ndinadutsitsa chingwe m'khwapa mwa bambo, koma zala zinkaterera ndipo mfundo yoyamba inamasuka. Pachifuwa pankandiotcha. Ndinapumako pang'ono mosafuna, pomwepo mutu unayamba kuzungulira. Ndinamanga yachiwiri osaona bwino, n'kukwawira pa makwerero.

"Kokani!"

Achimwene anakoka mpaka zikhatho kusupuka. Bambo titawatulutsa tinawagoneka panja pa udzu, milomo itada bii. Ine ndinkawachotsa makoko m'kamwa, achimwene akuwapsinja pachifuwa uku akulira: "Dzukani bambo, chonde dzukani, munditukwanenso!"

Patapita kanthawi anatsokomola, n'kusanza madzi ofiira.

Kuchipatala anagonako masiku atatu. Anabwerako dzanja lamanja likunjenjemera, ndipo silinasiyenso. Chaka chotsatira, pa nthawi yokolola, anangokhala pa mpando pafupi ndi sefa ya nsungwi, n'kumationerera tikufinyira mphesa pamenepo ndi manja. Tsiku lonse sanadzudzule munthu ngakhale mmodzi, ndipo ine zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri.