Paipi ya Kuseri kwa Thanki

"Kodi alipo amene wakwerako kudenga?"

A Harimaya anafunsa ataima pakhomo, mapazi ali matope mpaka mu akakolo, akuyang'ana anthu mmodzimmodzi. A Debaki, atavala zoyera zaumasiye, anatembenuzira nkhope kukhoma. Amayi odzapepesa maliro anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Sudip, mwana wamwamuna wa malemu, anali pakona pa udzu wake wogonapo, atameta mpala, ndipo anangokhosomola.

A Harimaya anadikira pang'ono, kenaka anabwerera kwawo, kuseri kwa mpanda.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu osaponda pakhomo pano, lero adzafunse za denga," ananong'ona mayi wina. "Mwina akufuna aone ngati nalonso n'lawo."

Asmita, mlongo wake wa Sudip, anapitiriza kutola matambula a tiyi. Anali atangomaliza digiri yake chaka chomwecho, ndipo ntchito yoyamba imene digiriyo inamupezera inali imeneyi.

Nkhani ya mpandawo anaiyamwira kubere. Bambo ake, a Tek Bahadur, atagawana malo a makolo ku Kapan ndi akulu awo, a Lal Bahadur, chitsime chinagwera mbali ya akuluwo. Mpanda wa njerwa unakwera sabata lomwelo, ndipo a Harimaya, akazi a akuluwo, anaika loko pachivundikiro cha chitsime. A Debaki, ali ndi pakati potopa pa Asmita, ankatsika chitunda ndi mtsuko wamkuwa kukatunga kumpopi wa anthu onse. Anatunga choncho zaka zitatu, mpaka paipi ya boma inafika pakhomo pawo. Mabanja awiriwo sanapatsanenso moni.

Masiku asanu apitawo a Tek anakwera kudenga m'mawa ndi tambula ya tiyi, monga ankachitira tsiku lililonse. Sanatsike. A Debaki anawapeza atatsamira thanki ya madzi, mpweya utachoka. Chitsitsireni mtembo, palibe anafuna kupondanso masitepe amenewo.

Kuyambira tsiku lomwelo madzi nawo anayamba mavuto. Shawa ya kubafa lam'mwamba sinakhalepo yamphamvu, koma tsopano inkangodontha ngati mphuno ya chimfine. Ankayatsa injini yokweza madzi kawiri pa tsiku, thanki n'kumangouma, ndipo madzi a m'chosungira cha pansi anali pafupi kutha. A boma amatsegulira dera lawo madzi kamodzi pa masiku asanu. Sudip ankayenera kusamba thupi lonse m'mawa uliwonse asanapereke nsembe ya bambo ake, ndipo pa tsiku lakhumi ndi chitatu la maliro kunali kubwera wansembe ndi abale onse.

Mwambo unkamuletsa Sudip kukhudza munthu, kudya mchere ndi kugona pabedi, koma sunanene kanthu za foni. Ali paudzu pomwepo anaitanitsa pampu ya shawa, n'kuitananso mmisiri wa mipopi.

"Ndisanabwerere ku Sydney, amayi azisamba ngati munthu," anatero. "Bambo ankangoti mawa, mawa."

Mmisiriyo, a Lakhan, anafika dzuwa lili pamutu, zitsulo zake zikulira m'chikwama kumbuyo kwa njinga. Anali wamfupi, wa ndevu zaimvi.

"Pampu ndi iyo, mmisiri. Ingoikani," anatero Sudip ali patali.

"Dokotala sabaya jekeseni asanamuone wodwala, bwana. Achemwali, ndiperekezeni."

Asmita anawatsogolera kubafa. A Lakhan anamasula mutu wa shawa, n'kuuzira, n'kuugogoda pachikhatho. Munatuluka timchenga tochepa chabe. Anatsegula mpopi wa kukhitchini, wa pabwalo, akupukusa mutu paliponse. Kenaka anati mipopi yonse ya m'nyumba itsekedwe. Anagunditsa nsonga ya sikuludilaiva papaipi yotsika kudenga, chogwirira chake n'kuchiika kukhutu, maso atatsinzina.

"Madzi akuyenda," anatero.

"Tatseka ponse."

"Inu mwatseka, koma iwo akuyenda."

"Akupita kuti?"

"Ndikanakhala madzi ndikanakuuzani. Tiyeni kudenga."

Asmita anakwera masitepe akuyang'ana zidendene za mmisiriyo, kuopa kuyang'ana kutsogolo. Kudengako maluwa achikasu a bambo ake anali atafota m'zitini. Pakakhoma ka m'mphepete panali tambula ija, supuni ili mkati, tiyi ataumira pansi. Anaiona n'kuthawitsa maso.

A Lakhan anagwada kuseri kwa thanki, n'kusuntha zitini ziwiri za maluwa.

"Ehe! Wodwala wathu ndi uyu."

Paipi yaikulu inali ndi mphanda. Pamphandapo panali valavu yaing'ono yotsekera madzi, chogwirira chake chitaperepeseka mpaka kuwala, ndipo kuchokera pamenepo kapaipi kowonda, kopakidwa utoto wofanana ndi khoma, kankatsika kuseri kwa nyumba. Asmita anasuzumira. Kapaipiko kanakalowa pakati pa njerwa ziwiri za mpanda, n'kutulukira kwa a Harimaya.

"Amene analumikiza izi sanali mmisiri," anatero a Lakhan akusisita polumikizapo. "Zakhota. Koma sipakudontha ngakhale pang'ono. Anali munthu wofatsa." Anapotoza valavuyo, phokoso la m'paipi n'kuleka. "Inali yotsegula yonse. Mphamvu ya madzi anu imathawira uku. Shawa yanu ili pafupi kwambiri ndi thanki, ndiye pampu ikufunikadi. Koma iyi ikangokhala yotsegula, thanki iziuma, pampu izikoka mpweya, ipsa mwezi usanathe. Kudula n'kosavuta. Ndidule?"

"Dikirani kaye," anatero Asmita.

Anatsika, n'kudutsa pakhomo la chipinda cha maliro osasuzumiramo. Geti la kuseri kwa mpanda anali asanalikankhepo chibadwire. Linali lopepuka kuposa mmene ankaganizira.

Bwalo lonse linali thope. Mgolo wabuluu unali wodzaza mpaka pakamwa, ndowa zonse zodzaza, mapoto, mabeseni, ngakhale ketulo. Kukamwa kwa kapaipi kuja kunali chitsononkho chokulungidwa nsanza. Pangodya panali chitsime, chivundikiro chake chitachita dzimbiri, nkhuku itagona pamwamba.

A Harimaya anatuluka akupukuta manja.

"Mwatseka?" anafunsa.

"Tatseka, amayi aakulu." Mawuwo anamulemera pakamwa. Anali asanawatchulepo choncho.

"Ndakhala ndikutsekera ndi chitsononkhocho, chikumangofwamphuka. Masiku asanu madzi a eni ake akutayika ine ndikuona. Ndinati ndikanena poyera, ndiwaulula alamu anga mtembo wawo utangowotchedwa kumene. Ndikapanda kunena, mukhala opanda osamba." Anakhala pachiunda cha khonde. "Ndiye ndinafunsa mopusa muja."

Mkatimo munamveka kubuula. Kudzera pazenera Asmita anaona mkulu wowonda atagona chammbali, pakamwa patapotoka, mphuno yake yofanana ndendende ndi ya bambo ake.

"Bambo ako aakulu amenewo. Anagwa chaka cha chivomerezi, mbali imodzi n'kufa. Chitsime chinauma chaka chomwecho. Munthu wotere amafunika kumusambitsa kawiri, zofunda kuchapa tsiku lililonse. Ndinkatsika chitunda chomwe chija ndi mtsuko." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Amayi ako ankandiona pazenera. Sindiwanena, ine ndikanavina. Tsiku lina ndikudzuka ndinangoona kapaipi katatulukira pampandapo."

"Bambo anakuuzani chiyani?"

"Bambo ako? Zaka zonsezi sanandiyankhulepo ngakhale liwu limodzi. Tikakumana kumsika ankawoloka msewu. Koma m'mawa ndinkamva ngo, ngo, papaipi, kawiri, ndi supuni. Ndiye kuti ika mgolo. Akamaliza tiyi wawo, madzi n'kuleka, mgolo utadzaza ndendende." Anayang'ana thopelo. "Tsiku lija anagogoda kawiri. Madzi anabwera. Mgolo unadzaza, n'kusefukira, n'kumangosefukira. Ndinadziwa kulira kusanamveke."

Asmita anasuzumira m'khitchini. Anangoona kuti pamoto panali mpunga ndi ndiwo zamasamba, ndipo botolo la mchere linali litaikidwa pamwamba pa kabati, kutali ndi dzanja, monga mwa mwambo wa maliro.

Atabwerera kwawo, odzapepesa maliro anali atapita. Anafotokoza ataimirira, mwachidule, osaonjezera kanthu.

Sudip anadzambatuka paudzu paja. "Mbava! Zaka khumi akumwa madzi athu!"

"Valavu ili padenga pathu, achimwene. Kapena mukuti amayi aakulu amauluka?"

"Iwe usandiyankhule zakusukulu. Anthu amene anaika loko pachitsime amayi ali ndi pakati pa iwe! Ukanabadwira pamsewu, ukudziwa? Mmisiri! Duleni paipiyo, muike pampu. Akafuna madzi akakumbe."

"Muli bambo aakulu m'nyumbamo. Sadzuka."

"Ali ndi mwana wawo."

"Ali kutali ngati inu nomwe."

Onse awiri anayang'ana amayi awo. A Debaki anali chikhalire pomwe paja, manja opanda zibangili ali pamaondo.

"Nthawi yanji?" anafunsa motsitsa.

"Amayi?"

"Ankatsegula nthawi yanji?"

"Akamamwa tiyi."

A Debaki anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Nthawi imene ine ndimasamba. Sopo ali m'mutu, madzi n'kuthawa. Ndinkakuwa kuti bambo a Sudip, madzi athawanso! Iwo ali kudengako n'kumati, ndi mpweya m'paipi, dikira pang'ono." Anayang'ana khoma. "Ndinawatukwana a boma zaka khumi. Ndinafika polemba kalata. Kalatayo anakaponya okha bambo anuwo."

Asmita anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sikunali kuseka, ndipo anatseka pakamwa ndi mkono.

"Ndiye mwamva nokha, amayi," anatero Sudip, mawu atafewa. "Anakunamizani chifukwa cha anthu amenewo."

A Debaki anagwira chimango cha zenera n'kudzuka. Maondo analira. Anatuluka, n'kuyamba kukwera masitepe, phazi limodzi kudikira linzake pa sitepe iliyonse. Asmita anali pambuyo pawo. Sudip anatsatira patali, atagwira nsalu yake yoyera kuti isakhudze munthu.

Kudengako a Lakhan anali atakhala pachitini, sowo yodulira zitsulo ili pamiyendo. Ataona namfedwa anaimirira, n'kugwirizanitsa manja pachifuwa.

A Debaki sanayang'ane pamene anawapeza amuna awo. Anapita kuseri kwa thanki, n'kuwerama. Anaika chala chachikulu pachogwirira cha valavu, pamalo powala paja. Pafupi pomwepo utoto wa kapaipi unali utasupuka, pali timabala tambirimbiri pamalo amodzi, pamene supuni inkamenya. Anapasisita. Kenaka anaweramuka n'kuyang'ana kuseri kwa mpanda. Kumusiko a Harimaya anali kuyanika nsalu ya pabedi. Anakweza maso. Amayi awiriwo anayang'anana nthawi yaitali, popanda wogwedeza mutu, mpaka a Harimaya anatola beseni n'kulowa m'nyumba.

"Loko uja anali wamkuwa," anatero a Debaki, osayang'ana munthu. "Wamkulu chonchi."

Kenaka anatembenukira kwa Asmita.

"Mgolo wawo umadzaza nthawi yaitali bwanji?"

"Akuti tiyi wa tambula imodzi," anatero Asmita.

"N'chifukwa chake ankamwa ngati mankhwala. Ine n'kumati, munthu wamkulu kumwera tiyi padenga ngati khwangwala, akuzizira ali m'manja."

A Lakhan anakanda ndevu. "Amayi, pepani. Dzuwa likupita. Ndidule?"

A Debaki anapita pakakhoma paja n'kutola tambula. Anaiyang'ana mkati, tiyi wouma uja, mzere wa pamene anafika. Inali isanafike ndi pakati pomwe.

"Pampuyo ikani," anatero. "Mwana wanga wagula. Iyi musaikhudze."

"Amayi!" anatero Sudip.

Sanamutembenukire. Anachotsa supuni n'kuisomeka m'chiuno, m'mphepete mwa nsalu yawo yoyera, ndipo tambulayo anapatsa Asmita.

"Katsuke. Kuyambira mawa tiyi wanga uzibweretsa kuno."