Batani la Pakhosi

Odwala a kuwodi ya mafizo anapatsa mayi wowachititsa mafizowo dzina loti Yesaninso, chifukwa munthu akalephera kukweza mwendo kapena kugwira supuni, mawu ake ankakhala omwewo basi. Koma m'mawa umenewo woyenera kuyesanso anali mwini wakeyo, ndipo mtima unali m'mwamba.

Anamusankha kuti alankhule mawu otsegulira msonkhano waukulu wa azaumoyo. Kutsogolo kwenikweni kunkayembekezeka kukhala wapampando wa bodi ya chipatala, bambo amene anali atanena kale poyera kuti wodi ya mafizo imangodya malo, bola aitseke. Bodiyo inkakumana masana omwewo. Mawu ake akanapanda kumugwira mtima bamboyo, odwala ake akanabwerera kwawo akukoka miyendo.

M'kachipinda ka kuseri kwa holo, anayeserera pamaso pa mchimwene wake ndi bambo awo, amene sitiroko inawapha dzanja lamanja chaka chatha. Pakompyuta panali manambala okhaokha ndi mizere yokwera ndi yotsika. Asanafike n'komwe pakati, mchimwene uja anayasamula ngati akufuna kumeza chipinda chonse.

"Achemwali, zimene mukunenazi n'zoona, koma n'zogonekera ana. Anthu akaliza mkonono."

"Ndiye ndikatani? Ndikavine?"

"Mwina bola."

Anangotsala pang'ono kumugenda ndi kompyutayo. Kunja kunkamveka mipando ikukokedwa, wina akugogoda maikolofoni ndi chala. Yesaninso ankachita mantha, ndipo m'mutu munalibe kanthu.

Apo m'pamene anaona kuti bambo ake sankamvetsera n'komwe. Anali pankhondo ndi batani la pakhosi la malaya awo, limene linali litamasuka. Zala zakumanzere zikalikankha, batanilo linkaterereka. Poona nthawi, Yesaninso anatambasula dzanja kuti awamangire. Bambowo anamumenya padzanjapo, phaa!

"Iwe, choka apo! Si ndiwe unandiphunzitsa? Ukandimangira lero, mawa adzandimangira ndani?"

Awiriwo anangoima n'kumayang'ana. Batani linalowa theka, n'kutulukanso. Mchimwene wamatama uja anaiwala ndi kupuma komwe, ndipo batanilo litalowa anakuwa ngati timu yake yachinya. Yesaninso anamuyang'anitsitsa. Munthu yemweyu ankayasamula posachedwapa! Yesaninso anatseka kompyuta n'kuisiya patebulo pompo.

Atakwera pansanja, sanayambe ndi malonje ataliatali.

"Musanamve chilichonse kwa ine, aliyense amasule batani la pakhosi. Amene mulibe, masulani lamba wa wotchi. Dzanja limene mumalembera likhale pabondo, lafa limenelo. Tsopano mangani ndi linalo."

Anthu anayamba ndi kuseka, koma kusekako sikunachedwe kuzirala. Wapampando yekha anapinda manja pachifuwa, nkhope ili gwaa. Yesaninso anamuyang'ana osapitiriza kulankhula. Ankadziwa kuti bamboyo akakana, wodi yathera pomwepo. Pomaliza, atazindikira kuti maso onse ali pa iye, bamboyo anakoka tayi mwaukali n'kumasula batani.

Kumasula kunali kosavuta, koma kumanga batanilo linamukanira. Khosi linali lonenepa, kolala yothina, zala zosazolowera ntchito. Thukuta linayamba kutsika m'masaya. Mlembi wake anawerama msanga kuti amumangire, amuchotse manyazi.

"Asiyeni!"

Mawuwo, olemera lilime, anachokera kumapeto kwa mzere. Anali bambo ake a Yesaninso.

"Ine zinanditengera miyezi, bwana. Pitirizani, litheka."

Wapampando anatembenuka n'kuona mkulu ali panjinga ya olumala, dzanja lamanja lili lende, kolala yomangidwa bwinobwino mpaka pakhosi. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakankha dzanja la mlembi uja, n'kubwezera maso kunsanja, batani likadali lomasuka.

"Yambani, mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndikumvetsera."