Ulimbo si Kola

Pa Muloza anthu ankawadziwa a Mateus ngati okonza njinga, basi. Akabaza ankangofika n'kuwaponyera tayala lophwa, amvekere, "Madala, changu, kasitomala akudikira!" Koma madalawo akatsegula foni yawo yosweka galasi ija ankasanduka munthu wina. M'menemo munali gulu la anthu pafupifupi makumi asanu, ena ku Beira, ena ku Maputo, ena kutali ku Brazil, onse olankhula Chipwitikizi ndiponso odwala matenda amodzi: kumanga makireni, makina onyamulira katundu aja, oyendera mota, pogwiritsa ntchito tinjerwa tapulasitiki tija amaseweretsa ana. Kumeneko a Mateus ankatchedwa Injiniya, ndipo ndikuuzeni, dzina limeneli ankalikonda kuposa ndiwo yankhuku.

Kireni yeniyeni anaiona kamodzi kokha, ali mwana, padoko la Quelimane, nkhondo isanawathamangitsire kuno. Yawoyi inali yofika m'chiuno. Mota anazula m'wailesi yakale ya makaseti, chingwe chinali ulusi wosokera nsapato, ndipo tinjerwa ankatola m'milu ya zidole za kaunjika pamsika wa Limbuli. Vuto linali pomwepo. Tinjerwa ta kaunjika tadutsa m'kamwa mwa ana a mayiko atatu, ndiye timagwedera ngati mano a nkhalamba. Mkono wa kireni ukangomva katundu, phwasu!

Mkulu wa gululo anali a Eduardo a ku Beira, munthu woti mano ake palibe anawaonapo. Lamulo lawo linali limodzi. Mota iliyonse, chingwe chilichonse, zili bwino, koma kumata tinjerwa ndi kola, ndiye kuti guluu m'Chipwitikizi, ayi ndithu. Wopezeka nayo ankachotsedwa m'gulu tsiku lomwelo. Ndipo chaka chilichonse munthu aliyense ankaonetsa kireni yake pavidiyo, onse akupenya nthawi yomweyo, ikunyamula kilo imodzi, kutembenuka, n'kutula.

Tsiku la a Mateus linali Loweruka. Pakamwa pawo panali patawapachika kale, poti anali atalemba m'gulumo kuti yawo imanyamula kilo ngati ikunyamula nthenga.

Anayesa Lolemba ndi paketi ya shuga: phwasu, shuga yense m'fumbi. Lachitatu, akubwera kokagula zigamba za machubu, anaima pansi pa mtengo wa kachere, n'kuuyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuseka okha. Anautema pang'ono, kutunga utomoni m'kachitini, kukauphika kuseri kwa nyumba monga ankachitira ali anyamata akamasaka mbalame. Atatha anatenga sipoko ya njinga n'kuyamba kudonthezera m'kanjerwa kalikonse.

Akazi awo, a Lurdes, anawapeza ali m'kati mwa ntchitoyo.

"Bambo a Sara, chimenechi si chija anzanu amaletsa?"

"Amaletsa kola. Kola amagula m'sitolo, imakhala m'kachubu. Uwu ndi ulimbo, wochokera mumtengo wa Mulungu."

"Oho. Nanga ulimbo ntchito yake n'chiyani?"

"Kukola mba..." Anadziluma lilime. "Inu mayi a Sara, musandiphunzitse Chipwitikizi. Loweruka mudzangogwira foni."

"Foni ndigwira. Koma shuga wanga simumuonanso."

Ndiye kilo imodzi aitenga kuti? Anathyola papaya lakupsa kuseri kwa bafa, kukaliika pasikelo ya wogula nandolo. Linapitirira kilo pang'ono, iwo n'kulisema mbali imodzi mpaka muvi unaima ndendende. Analimanga m'kaukonde ka anyezi, mnofu wake wofiira uli poyera.

Loweruka masana anatulutsa tebulo pabwalo. Ankafuna kuti phiri la Mulanje lioneke kumbuyo kwa kireni, a ku Brazil adziwe kuti kuno si kwa masewera. Anavala malaya akutchalitchi, nakhala akusuntha tebulo uku ndi uku kwa ola lathunthu, dzuwa likuswa mtengo. Sanaone kuti ulimbo uja, utamva kutentha, unali utayamba kutuluka m'mipata ya tinjerwa n'kumanyezimira pamkono ponse.

Foni inagwira netiweki ya ku Mozambique, ija imawoloka mtsinje popanda pasipoti. Timaso tambirimbiri tinadzaza pagalasi, a Eduardo pakati, atavala magalasi awo.

"Yambani, Injiniya," anatero m'Chipwitikizi.

A Mateus anagunditsa waya kubatire. Mota inalira, ulusi unakungika, papaya linanyamuka. Abale inu, linanyamuka! Mkono sunagwedere ngakhale pang'ono. M'fonimo munabuka m'manja, wina ku Maputo akuimba mluzu, ndipo mtima wa a Mateus unatupa mpaka batani la malaya linadandaula.

Nthawi yomweyo pumbwa anatsika mumtengo wa mango. Inu mukumudziwa pumbwa, akaona papaya lotsegula safunsa mwini. Anatera pamkono penipeni pa kireni, kuweramira pansi, kujompha kamodzi, kujomphanso, n'kuti aziuluka. Miyendo inakana.

Anakupiza mapiko, pha pha pha, ali pomwepo. A ku Brazil anali kugubuduka ndi kuseka, ati kireni yapeza dalaivala. A Eduardo okha anasendeza nkhope kufupi.

"Injiniya, mbalameyo bwanji sikuuluka?"

"Ndi yoweta, a Eduardo. Timakhala nayo pakhomo pano."

"Yoweta?"

"Kwambiri. Imakonda makina."

A Lurdes, foni ili m'manja, phwete linawagwira. Ankaluma nsonga ya chitenje kuti asaphulike, koma m'malo mobwerera m'mbuyo anasendera pafupi, ati anthu aone bwino. A Mateus anawatsinzinira diso, kuwagwedezera mutu, koma mayiwo anachita ngati ali kalikiliki ndi ntchito yomwe anapatsidwa.

Kireni inali itatsala pang'ono kumaliza kutembenuka. Akanangolimba mtima kanthawi kochepa, papaya likanatera, vidiyo n'kutha. Koma pumbwa uja anapendekeka, phiko limodzi n'kumatikanso, nayamba kulira mutu uli pansi, kulira koti munthu wobereka sangakumve n'kukhala chete. A Mateus anamva chisoni. Anasiya waya, n'kugwira mbalameyo kuti aimatule.

Inamatuka, inde. Koma pamene ankabweza dzanja, ulimbo unatambasuka kuchoka pakireni kufika m'zala zawo ngati therere, ukunyezimira padzuwa anthu makumi asanu akuona.

"Kola!" anakuwa a Eduardo.

"Eee, yakoladi," anatero a Lurdes, n'kukhala pansi ndi phwete.

Pamene a Mateus ankatsuka miyendo ya pumbwa ndi mafuta ophikira, foni inalira kamodzi. Anali atachotsedwa m'gulu. Mbalameyo inauluka osayang'ana n'kumbuyo komwe.

Zinawapweteka, osanama. Lamlungu papaya lija sanalilawe. Lolemba wakabaza atawaitana kuti "Madala, changu," anamva ngati awalanda malaya pamsika. Ankatulutsa foni m'thumba, kuyang'ana, kubwezamo, ngakhale ankadziwa kuti mulibe kanthu. A Lurdes nawo kuseka kunawathera, moti anagula shuga wina n'kumuika patebulo pafupi ndi kireni.

Lachitatu masana, akumata chubu, kunabwera uthenga wamawu. Unali wa a Eduardo, wotumizidwa kwa iwo okha, ndipo mkuluyo ankalankhula motsitsa ngati ali m'chimbudzi.

"A Mateus, ndikungofunsa ngati munthu wokonda kuphunzira. Chinthu chija chimachoka osawononga tinjerwa? Mtengo wake dzina lake n'chiyani? Kodi kuno ku Beira ungapezeke? Mukudziwa, kireni yanga yaikulu ija ndamanga ndi kumasula zaka khumi ndi ziwiri, ndiye penapake... Kaya. Loweruka likubwerali ndi tsiku langa."

A Mateus anamvetsera katatu. Anamaliza chubu chija, kukamwa thobwa tsidya la msewu, kucheza ndi wosintha ndalama nkhani za mpira, n'kubwerera pang'onopang'ono. Kenako analemba: "A Eduardo, zinsinsi za ntchito ndimauza anzanga a m'gulu okhaokha. Ine pano ndine mlendo."

Uthengawo unawerengedwa nthawi yomweyo. Wakabaza wina anabwera ndi tcheni choduka, iwo n'kuchilumikiza, diso limodzi lili pafoni. Atangotsala pang'ono kutaya mtima foni inalira, kenako kuliranso, kuliranso. Anali atabwezedwa m'gulu, ndipo a ku Maputo ndi a ku Brazil ankalemba motsatizana kuti takulandiraninso, Injiniya, moni kwa dalaivala.

Pamene a Lurdes ankafika ndi chakudya, anawapeza akujambulira a Eduardo malangizo mwaulemu wonse: masamba a kachere amaoneka chonchi, muteme apa, muphike mpaka utayamba kunanda, mudontheze pang'onopang'ono. Mayiwo anadikira mpaka atatumiza.

"Bambo a Sara, mwawauza kuti padzuwa umatuluka?"

"Sanafunse," anatero a Mateus, n'kupitiriza kupopa tayala.