Amake Mawa

Ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita zovala za alendo ku hotela, ndiye dzanja langa linazolowera. Chovala chisanalowe m'madzi, ndimayamba ndapisa m'thumba. Ndi mmene ndinapezera pepala lija Lolemba madzulo, m'thumba la yunifolomu ya mwana wanga wamkazi, amene watsala pang'ono kumaliza pulayimale.

Zilembo zinali zake zomwe, zopendekera ngati zikuthawa mvula. Pamwamba analemba kuti, "Ndidzawerenga pamaso pa kalasi Lachinayi." Pansi pake panali izi:

"Amayi anga anali ndi yankho limodzi pa chilichonse: mawa. Amayi, nsapato yang'ambika. Mawa. Amayi, taonani zimene ndajambula. Mawa. Ankafika panyumba nkhope ili gwa, n'kudzigwetsa pampando osavula n'komwe nsapato. Ine ndinaphunzira kuyenda monyang'ama."

Ndinalekera pomwepo. Mawu ankapitirira mpaka kuseri kwa pepala, koma ndinali nditamva zokwanira. Ndinali pampando. Nsapato zinali kumapazi.

Mwanayo anali panja akutsuka mbale. Ndikanamufunsa zikanathera pomwepo, koma ndinali nditaima tsiku lonse ndipo pakamwa panga panalibe mawu abwino. Pepalalo ndinaliika m'chikwama changa.

M'mawa mwake ndinamuonetsa mnzanga amene timasita naye. Timamutchula Wailesi, chifukwa sazima.

"Ee! Wakuvula pagulu ameneyu," anatero, ayironi ili m'manja. "Ndiye aphunzitsi a masiku ano akuwauza ana kuti azilemba za kunyumba? Lero ndi nsapato. Sabata yamawa alemba kuti umaliza mkonono."

"Sindiliza mkonono ine."

"Ukagona umadzimva? Pita ukaletse, mwali. Ana amenewo akamva, makolo awo amvanso."

Pa nthawi yopuma masana sindinadye. Ndinapita kusukulu nditavala epuloni ya kuntchito, n'kulowa m'kalasi osaodira. Ana onse anaimirira kuti andipatse moni, ine ndinangowakwezera dzanja. Mwana wanga anali pa desiki yachitatu, pafupi ndi zenera. Atandiona anatsegula pakamwa.

Aphunzitsi ake ndi mayi wachitsikana, woonda, wa magalasi. Anandiyandikira choko chili m'manja.

"Takulandirani, mayi. Kwagwanji?"

"Aphunzitsi, mwana ndinamutumiza kuno kuti adzaphunzire, osati kudzandivula pagulu."

"Tiyeni tikambirane panja, mayi."

"Ayi, pompano. Si pompano pamene amati adzawerengere?"

Ndinatambasula pepala lija n'kuwerenga ndekha, mokweza, mpaka pa nsapato paja. Kenako ndinatembenukira kwa mwana wanga.

"Iwe, imirira. Ndikamati mawa, umaganiza kuti tsiku lonse ndimakhala ndikuwothera dzuwa? Nsapato ndimachedwa kuvula, inde. Ndiye dziko lonse limve?"

Anaimirira. Sanalire. Anangoyang'ana pa desiki.

"Mayi," anatero aphunzitsi motsitsa mawu, "tayang'anani kumbuyo kwanuko."

Kumbuyo kwanga kunali bolodi. Pabolodipo panali mawu omwe aja, liwu ndi liwu, m'zilembo zoongoka za aphunzitsi. Ndinayang'ana pa madesiki. Mwana aliyense anali ndi pepala ngati langalo patsogolo pake.

"Mabuku ndi ochepa, ndiye ndimalemba pabolodi, iwo amakopera," anatero. "Tikuphunzira kumvetsa nkhani zimene anthu amalemba za moyo wawo. Iyi analemba ndi bambo wina wachikulire, akukumbukira ubwana wake. Mwana wanu ndinamusankha kuti adzawerenge chifukwa amawerenga bwino."

Pansi pa nkhaniyo panali mafunso. Loyamba linali lakuti, "Kodi 'ine' wa m'nkhaniyi ndi ndani?"

Kenako wina kumbuyo anati, "Ndiye kuti kwawo n'chimodzimodzi!"

Phwete lake linagwa ngati mbale zasweka. Aphunzitsi anamenya tebulo, koma madzi anali atatayika kale. Panalibe mwana ngakhale mmodzi amene ankadziwa kuti kwathu kuli mawa. Ndinawauza ndine, ndi pakamwa pangapa.

Sindikumbukira ngati ndinatsazika. Ndikudutsa pazenera ndinamva kamawu kakuti, "Mawa! Iwe Mawa, khala pansi!"

Tsiku limenelo madzulo ine ndi mwanayo sitinalankhulane. Lachitatu m'mawa anati mutu ukumupweteka. Ndinadziwa kuti si mutu, koma ndinalibe nkhope yomukakamizira. Kuntchito Wailesi anati, "Ine ndinangoti ukafunse bwinobwino." Ndinapsereza kolala ya malaya a mlendo, chinthu chimene sindinachitepo.

Nditaweruka ndinapeza mbale zosatsuka. Chipinda chathu tinachigawa ndi katani, mwanayo kwake, ine kwanga. Anali atagona kuseri kwa kataniyo.

"Iwe, dzuka. Tiye ukonzekere zowerenga zija."

"Mawa."

Zinandilowa mpaka m'mafupa, koma ndinameza.

"Mawa ndi Lachinayi lomwelo."

"Sindipitanso kusukulu. Onse akunditchula Mawa. Ngakhale a kalasi ina. Inunso akuti ndinu amake Mawa."

"Dzina silipha munthu."

"Inu simukhala m'kalasimo."

Mwana ameneyu sanajombepo, ngakhale mvula igwe chotani. Zaka zonsezi ndakhala ndikuima pa ayironi kuti iye asadzaimepo, ndiye lero wotseka chitseko cha sukulu akhale ine?

"Ndinalakwa," ndinatero. "Pepa."

Pepa wanga anangogwa pansi ngati nsalu yonyowa.

Ndinavula nsapato. Ndinakhala pansi, msana kukhoma, pafupi ndi katani, n'kutulutsa pepala lija. Ngati iye sakufuna kuwerenga, ndiwerenga ndine. Ndinayambira pamwamba, mokweza. Ine sukulu ndinasiyira panjira, ndipo powerenga ndimaphunthwa. Ndinadutsa paja ndinalekera, n'kutembenuza pepala.

Kuseriko bambo uja ankanena kuti tsopano ali ndi imvi, ndipo amayi ake anamwalira kalekale. Ankati ali mwana sanadzifunsepo chifukwa chake nsapato yong'ambika ija inkapezeka pakhomo m'mawa itasokedwa. Zonsezi zinali m'chikwama mwanga kuyambira Lolemba. Ndinangofunika kutembenuza pepala basi.

Ndipo mayi ameneyo anandiposa. Ine ndikati mawa, nthawi zina amakhala mwezi wamawa.

"Mwadumpha mzere," anatero mawu kuseri kwa katani.

"Pati?"

"Pa imvi paja. Mumawerenga ngati mukuthamangira basi."

Ndinabwerera. Ndinawerenganso pang'onopang'ono mpaka kumapeto, kenako ndinafika pa mafunso.

"Loyambali ndalidziwa tsopano," ndinatero. "'Ine' ndi bambo wa imviyu."

"Mwachedwa nalo."

"Funso lachitatu likuti, n'chifukwa chiyani mayiyo sankavula nsapato akafika? Ili n'losavuta. Ukavula sudzukanso, pamene kuphika kukudikira."

"Yankho limachokera m'nkhani, amayi, osati kwa inu. Mumayenera kuonetsa mzere umene ukunena zimenezo."

"Nanga mzere wake ndi uti?"

Dzanja linatuluka pansi pa katani, n'kulanda pepala. Ndinamva akulitembenuza. Kenako anayamba kuwerenga, osati mzere umodziwo, koma kuyambira pamwamba. Sindinamumvepo akuwerenga chonchi. Pa "mawa" aliyense ankaima pang'ono, ngati akumuyeza kulemera, ndipo ine ndinkayang'ana mapazi anga otupa.

Atamaliza anati, "Ndikangofika pa mawa woyambayo aseka."

"Aseka ndithu."

"Ndiye nditani?"

"Uwadikire amalize, upitirize. Ufike kuseriko. Usachite zanga."

Ndinadzuka kuti ndikatsuke mbale zija. Ndisanafike pakhomo, yunifolomu inauluka pamwamba pa katani n'kundigwera paphewa.

"Yakwinyika," anatero. "Koma inu musabwere."

"Sindibwera."

Ndinapisa m'thumba mwake. Munalibe kanthu. Ndinayatsa ayironi.