Pulasitiki ya pa Chishalo

Chaka chija cha chilala, anthu akudya ufa wachikasu, Wiseman wa ku komboni ya mgodi ku Bindura anagula njinga yamoto. Kunena zoona anagula ndi amayi ake, mayi Iness. Iye anangotulutsa ndalama za thukuta lake la pansi pa mgodi, pakamwa panali pa amayiwo.

Gwero la zonsezi linali Spiwe. Mtsikanayu anali mwana wa folomani wa pa famu ya fodya ku Matepatepa, Mshona wouma khosi. Folomaniyo anali atatumiza mawu akuti ana a Amalawi a m'komboni alibe kanthu ndiponso alibe ulemu, ndiye mwana wake bola amupereke kwa woyendetsa thirakitala wa pa famu pomwepo. Mayi Iness atamva sanataye malovu. Anangoti, "Kanthu akakaona. Ulemu akauona. Loweruka lomweli."

Kusitolo m'tauni mayiwa anamuzunza wogulitsa mpaka anamasula tayi. Anati galasi limodzi likuyang'ana kumbali. Anati hutala ikulira ngati mbuzi ya chimfine. Anati zinthu zofiira sizichedwa kusuluka. Bamboyo anatsitsa mtengo, anawonjezera pampu, anawonjezeranso kachubu ka guluu womatira machubu, kuti mayiwa azipita basi. Koma atatenga mpeni kuti achotse pulasitiki yokutira chishalo, mayi Iness anamugwira dzanja.

"Mukutani, bambo?"

"Ndikuchotsa, amayi. Kunja kukutentha."

"Ndagula njinga ndi khungu lake lomwe. Mukachotsa, ku Matepatepa akadziwa bwanji kuti ndi yatsopano? Akati tabwereka ya abusa."

Wogulitsayo anabweza mpeni m'thumba. Anangowachenjeza kuti injini ikadali yanthete, asaithamangitse, ndipo ikatentha aziipumitsa.

Njinga itafika ku komboni, aliyense anafuna kuigwirako. Anaisisita, anaisisita, pofika Loweruka m'mawa pulasitiki ija inali itang'ambika pakati penipeni. Mayi Iness sanafunse kuti wang'amba ndani, nthawi inalibe. Anafinyira guluu yense pansi ndi pamwamba pa chibowocho, nasalaza ndi chala.

"Amayi, ziuma zimenezi?" anafunsa Wiseman.

"Dzuwa lonseli? Kavale, iwe."

Anavala buluku lake latsopano la nayiloni, jekete lakuda, tayi, ndi chisoti cha pansi pa mgodi. Amayi ake anapinda chiguduli, nakhalapo kumbuyo, ambulera ili m'khwapa.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene sanayendepo msewu wa ku Matepatepa mu Okutobala asatsutse. Mphepo yomwe inkawaomba kumaso inali ngati yotuluka m'balani yowotchera fodya. Mitengo inalibe masamba, ng'ombe zinangoima ngati zaiwala kuyenda, nyenje zili pakamwa yasa. Thukuta linkachoka m'chisoti cha Wiseman, kutsika m'khosi, kukatulukira m'nsapato.

Dzuwa lili paliwombo mayi Iness anamva kutentha ku akakolo.

"Ima! Mwana watentha thupi."

"Ndili bwino, amayi."

"Sindikunena iwe."

Anaima pambali pa msewu pomwe panalibe mthunzi ngakhale wa mbalame. Mayi Iness anatambasula ambulera, naiphimbira injini, akuikupiza ndi mpango. Wiseman anaima padzuwa. Chishalo chinaimanso padzuwa, pulasitiki ikunyezimira, ikufewa, guluu akuchita tithovu. Injini itasiya kulira tiki tiki, anati tiyeni. Wiseman anangokhudza chishalo ndi matako, nakuwa, "Mayo ine!" Anafuna kudzuka, koma amayi ake anamukanikiza mapewa ndi manja onse awiri.

"Khala! Munthu wophulitsa miyala pansi pa nthaka kuopa mpando?"

Anakhala. Anakhala ndithu, mpaka ku Matepatepa.

Komboni yonse ya pa famupo inatuluka itamva kulira kwa njinga. Bambo a Spiwe anali pa mpando pansi pa mtengo wa mango, fodya ali pakamwa, mlongo wawo ali pamphasa pambali pawo. Mayi Iness anatsika, anagwada, anaomba m'manja mwa Chishona monga anaphunzirira kwa anansi. Maso a anthu anali pa pulasitiki. Wina anati, "Itsva!" kutanthauza kuti ndi yatsopano, ndipo mtima wa mayi Iness unakhala pansi. Kanthu kanaoneka. Unatsala ulemu.

Kwa Ashona mnyamata wofuna mwana wa eni saima pamaso pa bambo. Amanyonyomala patali, naomba m'manja. Wiseman anali phee pa njinga, mapazi pansi, maso kutsogolo.

"Tsika," ananong'ona amayi ake.

"Amayi, sizikutheka."

"Chakugwira n'chiyani?"

"Njinga."

Anayesa kudzuka, njinga inadzuka naye. Anakhala, inakhala naye.

"Buruka, mfana!" anakalipa bambo a Spiwe, kumuuza mnyamatayo kuti atsike. Iwo ankalankhula Chishona, mayi Iness ankayankha Chichewa, onse ankamvana bwinobwino monga zimakhalira m'mafamu. "Ndi mwambo wa kwanu uwu? Kupereka moni uli pamwamba ngati mzungu wa famu?"

Mayi Iness sanaphethire. "Kwathu, bambo, munthu akalemekeza kwambiri amagwada ndi katundu wake yemwe. Anyamata inu, tathandizani apa!"

Anyamata anagwira njinga, naigoneka pansi mwaulemu, Wiseman ali pomwepo. Anagona cham'mbali, tsaya m'fumbi, mwendo umodzi m'mwamba, nayamba kuomba m'manja. Anaomba bwino, munthu asaname. Koma petulo anayamba kudontha, azimayi anakuwa, mlongo uja anatsomphola fodya pakamwa pa folomani nakamuponya m'ndowa.

Folomani anayang'ana ndowa, anayang'ana Wiseman. "Mkamwini amanyonyomala," anatero. "Uyu wagona."

Anadzutsanso njinga. Anyamata ena anagwira Wiseman m'khwapa, ena anagwira tayala lakumbuyo, nakokana. Nayiloni wa masiku amenewo sanali wamasewera, sanang'ambike. Woyendetsa thirakitala uja anafika akuseka, nati akatenge tcheni amukoke ndi thirakitala. Mlongo wa folomani anatulutsa lumo kuti adule pulasitiki.

"Pulasitiki ayi!" anatero mayi Iness. "Wiseman, masula lamba."

"Amayi, pali apongozi."

"Sanakhale apongozi. Masula."

Apa ndi pomwe Spiwe, amene ankasuzumira pakhomo la khitchini, analephera kupirira. Anathamanga, anamasula nsalu yake yapamwamba, namukulunga nayo Wiseman m'chiuno. Mnyamata anavula nsapato, anasolola mwendo uwu, anasolola uwo, natuluka m'buluku ngati njoka yofundula. Buluku linatsala pa chishalo, miyendo ili lende uku ndi uku. Iye anapita patali pang'ono, jekete ndi tayi pamwamba, nsalu ya maluwa pansi, ananyonyomala, naomba m'manja mpaka zikhato zinafiira.

"Ndaona," anatero bambo a Spiwe, akuloza njinga. "Tengani mudhudhudhu wanu muzipita. Mwana wanga sapita kwa anthu otere."

Mayi Iness anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo. Nkhope yawo inali ija ya kusitolo.

"Tipita, bambo, sitinabwere kudzagona. Koma ndifunseko. Mwana wanga wavulira buluku pakhomo pa yani?"

Folomani anayang'ana buluku lili lende pa chishalo.

"Wavala nsalu ya yani? Wamumangira m'chiuno ndani? Anthu onsewa aona, kapena ndaona ndekha? Lolemba nkhaniyi ikhala itafika ku Shamva. Sakanena za guluu, anthu mukuwadziwa. Akanena kuti mwana wa folomani anavula nsalu masana, navalika mwamuna pamaso pa bambo ake." Anatembenukira kwa woyendetsa thirakitala. "Achimwene, mumutengabe?"

Munthu uja anakanda m'mutu, nati wakumbukira kuti sanathire madzi m'thirakitala. Anapita osacheuka.

Mlongo wa folomani anasendera, nayamba kuwanong'oneza achimwene ake. Ananong'ona nthawi yaitali, chala chikuloza nsalu, chikuloza Spiwe, chikuloza njinga. Folomani anapukuta thukuta.

"Mutumize munthu wanu tidzakambirane," anatero. "Mvula ikagwa."

"Mvula yake iti, chaka chino? Loweruka likudzali."

"Mwezi ukatha."

"Loweruka, bambo. Apo ayi nsaluyi tipita nayo, akalowa nayo mu mgodi."

Folomani anayang'ana mlongo wake. Mlongoyo anagwedeza mutu.

"Loweruka," anatero bambo a Spiwe, mawu ali pansi.

Azimayi analuluta. Spiwe anathawira kukhitchini atagwira kukamwa. Wiseman anali chinyonyomalire, akuombabe m'manja, poti panalibe womuuza kuti asiye.

"Zakwana," anatero amayi ake. "Bweza nsalu ya eni. Buluku lako lili pa njinga, kalowemo tizipita."