Tiana Topanda Mafupa

Ku labu anzake ankamutcha Make Nungu, chifukwa ntchito yake inali kulera tiana ta nungu za m'nyanja, tizilombo taminga tozungulira ngati mpira. Kaleredwe kake kanali kachilendo. Ankatenga mazira n'kuzimitsamo jini imodzi, kalangizo kachibadwa kouza thupi kuti liumbe mafupa, kenaka n'kudikira pa maikulosikopu. Kamwana kabwinobwino kamamera timafupa tiwiri tonyezimira ngati singano. Tiana take tikapanda kumera timafupato, ndiye kuti jini yoyenera yapezeka, ndipo labu yonse inkaomba m'manja. Ntchito zina n'zodabwitsa ndithu, anthu ophunzira kuvinira chilema.

Mayiyu anali woyembekezera, mimba yoyamba, atadikira mpaka achibale kutopa n'kufunsa. Tsiku lokajambulitsa anagona pabedi la kuchipatala, adokotala akuyendetsa kachipangizo pamimba, mwamuna wake ali chilili pambali atamunyamulira chikwama.

Diso lozolowera silinama. Adokotala asanatsegule pakamwa, iye anali ataona kale pa sikirini: timiyendo tatifupi topindika, nthiti zopyapyala, chigaza chosawala monga fupa liyenera kuwalira.

"Mayi, tidzajambulenso sabata yamawa," anatero adokotala.

"Musavutike, adokotala. Nthiti zimenezo sizidzakoka mpweya, si choncho?"

Adokotala anangowerama.

"Mukuti chiyani kodi, amayi?" anafunsa mwamuna wake. "Inetu ndikuona kamutu. Taonani, kakugwedeza dzanja."

Mayiyu anamusirira bamboyo chifukwa cha kusadziwa kwake, ndipo mtima unamupweteka koopsa.

M'mawa mwake anapita kuntchito, poti kunyumba kunali tizovala ta mwana tomwe anagula kale. Wandevu, mnzake wa pa tebulo limodzi, anamuchingamira pakhomo mano ali pamtunda.

"Make Nungu, bwerani mudzaone. Zatheka. Palibe ndi kamodzi komwe kali ndi fupa."

Anasuzumira. Tianato tinkazungulira m'madzi a m'mbale yagalasi, tofewa, tosadziwa kanthu.

"Zithunzi ndajambula kale," anatero Wandevu akunyamula mbale yagalasiyo. "Ndikakhuthule m'sinki?" Ndi mmene ankachitira nthawi zonse ntchito ikatha.

"Tisiyeni."

"Kodi mwaiwala? Popanda mafupa n'takufa kale timeneti."

"Sindinaiwale, achimwene. Koma lero n'tamoyo."

Analandira mbaleyo ndi manja awiri. Anatunga madzi amchere atsopano, nawayesa ndi chala ngati mayi wofuna kusambitsa khanda, n'kuyamba kutisinthira madzi pang'onopang'ono, dzanja lina lili pamimba.