Makutu a Mwango

Mnzanga Mwango wa ku Chelstone anabooletsa makutu mobisa. Kwawo amapemphera ku Sabata, ndipo kumeneko ndolo ndi mlandu waukulu. Anamuboola mtsikana wina woluka tsitsi ku Kabwata, ndi singano yowotcha pa kandulo. M'malo moyamba waikamo ulusi kuti bala lipole, Mwango anathamangira kuvala tindolo totchipa ta mumsewu, tija timasuluka tikangonyowa.

Masiku asanu ankayenda atamanga chitambala mpaka m'makutu, ati akumva mphepo. Mphepo mu Okutobala! Khutu lakumanzere linatupa ngati tomato, mafinya kumangotuluka.

Tsiku lomwe anagwidwa ndinali kwawo. Amayi ake, omwe ndi nesi, anangoti, "Iwe Mwango, chotsa chitambala icho. Fungo nalimva kale."

Ine ndimati lero mnzanga aona zakuda. Koma amayiwo anafunditsa madzi, n'kuthiramo mchere, n'kuchotsa tindolo tija pang'onopang'ono.

"Ba mami, muzauza ba dadi?" anafunsa Mwango akulira.

"Leka kugwedeza mutu. Ufuna khutu liole?" Kenako anapinda khutu lawo n'kutionetsa kachipsera. "Ine ninaboola na munga ku Mansa, nili msinkhu wako. Ambuya ako ananimenya. Iwe sinizakumenya, koma tuzitsulo utu tupita kuchimbudzi."

Khutu linapola bwinobwino ndipo abambo ake sanamve kanthu. Mwango akuti adzabooletsanso akadzayamba ntchito, koma kukiliniki, ndipo adzavala zagolide zenizeni.